Chaka Chimene Kapitawo Anafunga Nawo Ramazani

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Alufeyo amagwada kuseri kwa chitseko n'kupisa dzanja mumtsuko. Mumtsukomo simukhala madzi akumwa. Muli mchenga wonyowa, ndipo pakati pa mchengawo pamakhala kabotolo kakang'ono ngati chala cha mwana, kokulunga m'kapulasitiki. Amakatulutsa, kukapukuta pa malaya, n'kukagubuduza pang'onopang'ono pakati pa zikhato ngati munthu wowotha moto. Kukhutchumula ayi, anawaletsa. Akatero amaitana mwaulemu wonse:

"Bwana, ofesi yatsegulidwa."

Bwanayo amatuluka pansi pa bedi, kudziwongola, kuyasamula, n'kubwera mosafulumira. Ndi mphaka wotuwa, wa khutu limodzi long'ambika, dzina lake Kapitawo.

A Alufeyo amakhala ku Mtiya, m'kanyumba ka njerwa zowotcha kamene anamanga atasiya ntchito yocheka matabwa pa Phiri la Zomba. Macheka awo anali aja a anthu awiri, wina pamwamba pa chipika cha paini, wina m'dzenje. Iwo zaka zonse anali a m'dzenje, utuchi ukuwagwera m'maso, moti mpaka pano akasangalala amaphethira pafupipafupi ngati ukadagwabe.

Mphakayu anabwera naye ndi akazi awo, a Dinah, amene ankagulitsa mapichesi ndi masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Tsiku lina la nkhungu anam'peza m'ngalande, kamwana konyowa, kolira ngati mbalame, ndipo anakaika m'dengu pamwamba pa zipatso zotsala. Atakula, ankakwera pampando n'kumangoyang'ana anthu akusesa ndi kuwaza nkhuni, iye osakhudza kanthu. Ndiye a Dinah anati, "Uyu ndi kapitawo weniweni." Dzina linakhala lomwelo.

A Dinah anadwala shuga zaka zambiri, ndipo wowabaya jakisoni anali amuna awo omwewa, ndi manja awo akuluakulu a zikang'a aja. Atatisiya, m'nyumbamo munatsala amuna awiri, wina wa miyendo iwiri, wina wa miyendo inayi. Ankadya limodzi, kumvera wailesi limodzi, ndipo a Alufeyo akafuna kudandaula za mtengo wa makala kapena za bondo lawo, womvetsera anali Kapitawo.

Kenako mphaka uja anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe. Ankamwa a m'mbale yake, kumwa a m'beseni lochapira, mpaka kunyambita pansi m'bafa. Kudya ankadya kwambiri, koma msana unayamba kuoneka mafupa, ndipo pampando paja ankalephera kudumphira. M'mawa wina a Alufeyo akukataya utuchi umene amamuikira m'katoni kuti azidzithandizirapo, anapeza nyerere zachita mzere kuchokera pazenera mpaka pamene panali ponyowa. Anaima kanthawi katoni ili m'manja. Nyerere zotere anaziona kale, kuseri kwa bafa, chaka chimene a Dinah anayamba kudwala.

Anamuika m'dengu lomwe lija, kuphimba ndi chitenje cha malemu, n'kukwera kabaza wa ku tauni.

"Mwanyamula nkhuku, madala?" anafunsa wa kabaza.

"Eya, nkhuku."

Nkhukuyo inalira kuti miyawu. Wa kabaza anatembenuka, a Alufeyo n'kuyang'ana kuphiri ngati sanamve.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana wamfupi woseka msanga, a Joanna. Anabaya khutu labwino lija, kutenga kadontho ka magazi, n'kuyang'ana pa kamakina.

"Bambo, bwana wanuyu ali ndi shuga."

"Ndinaziona nyerere," iwo anayankha, mawu ali pansi. "Ndiye kuti basi?"

"Basi chiyani? Mukamusamala, mukhala naye zaka. Jakisoni mumamudziwa?"

A Alufeyo anangomwetulira n'kuphethira.

A Joanna anawalangiza zonse. Ayambe wadya, kenako jakisoni, m'mawa ndi madzulo, nthawi yake osasinthasintha. Kutsina khungu la kumbuyo kwa khosi, kulikweza ngati kahema, n'kubaya mmenemo. Nsima ayi, mpunga ayi, buledi ndi phala ayi. Adye matemba oviika kuti mchere uchoke, dzira, chiwindi cha nkhuku mwa apo ndi apo. Akakana kudya, osam'baya. Ndipo tsiku lina akadzayamba kudzandira ngati woledzera, ndiye kuti shuga watsikitsa: kum'paka uchi m'nkhama msangamsanga, n'kuimba foni. Mankhwala a insulini ankawatumiza mwana wa a Alufeyo wa ku Blantyre, ndipo poti filiji analibe, bambowo anatsitsa mtsuko wakale umene ankasungiramo mankhwala a a Dinah, n'kukatapa mchenga kumtsinje.

Zonsezi sanauze munthu. Ankadziwa mmene nkhani imayendera ku Mtiya. Bambo wamkulu, mkazi anamwalira, akukhala yekha ndi mphaka, ndiye anthu amvenso kuti amam'baya jakisoni atatseka chitseko? Wina akanaseka mpaka kugwetsa ndowa pa mpopi, wina akanayamba kukokera ana ake kutali. Choncho ankabaya makatani atatseka, wailesi atakweza.

Kuseri kwa mpanda wawo wa udzu kumakhala a Rahima, mayi wa Chiyao wokazinga mandasi, amene amuna awo amayenda malonda a nsomba ku Kachulu. A Alufeyo amawatchula kuti Abiti, iwo amawatchula a Alufeyo kuti aneba. Kukacha, fungo la mandasi limadutsa mpanda lisanapemphe odi. Moni ankapatsana pamwamba pa udzu, maliro ankayendera limodzi, koma aliyense za m'nyumba mwake ankazisunga. Dzuwa likakwera pang'ono, Kapitawo ankalowa pa kabowo ka pansi pa mpandawo, n'kubwerako patapita nthawi akunyambita ndevu. A Alufeyo ankati amakawothera dzuwa.

Atabwerera naye kokayeza, shuga anali adakali pamwamba. Ulendo winanso, chimodzimodzi.

"Bambo, sakudya kwina ameneyu?" anafunsa a Joanna.

"Kapitawo? Ndi wamanyazi ngati ine ndemwe. Pakhomo pa eni sapondapo."

"Mukunenetsa?"

"Ndikunenetsa, adokotala. Ndinam'lera ndekha."

A Joanna anawonjezera mankhwala pang'ono, ndipo zinthu zinakhala m'malo. Mafupa a pamsana anakwiririka, ubweya unayamba kuwala, ndipo tsiku lina a Alufeyo akuchokera kodula masamba anam'peza bwana ali pampando, akuwayang'ana ngati achedwa ku ntchito. Anaseka okha mpaka misozi, n'kumupangira sawasha.

Kenako mwezi unaoneka, Asilamu n'kuyamba kufunga, kusala kudya masana onse a Ramazani. Fungo la mandasi la m'mawa linatha, chifukwa mwezi umenewu a Rahima amakazinga chakumadzulo, anthu akamakonzekera kufutulu, kumasula kusala kwawo dzuwa likalowa. Kapitawo ankalowabe pa kabowo kaja, koma ankabwerako msanga, nkhope ili gwaa, n'kukhala pansi pa mpanda akulira. A Alufeyo anamuseka.

"Mwakalamba, bwana, za akazi zisiyeni."

Patangopita masiku ochepa, dzuwa lili paliwombo, anamva kukuwa kuseri kwa mpanda.

"Aneba! Aneba, thamangani! Alendo anga akufa!"

Anazungulira mpanda opanda nsapato, akuganiza kuti pali munthu wakomoka ndi njala ya kufunga. Pakhonde la a Rahima anapeza Kapitawo pafupi ndi kasosala kopanda kanthu. Ankayesa kuimirira n'kugwera kumbali, dovu likutuluka, maso ali tong'oo osaona munthu.

"Alendo anu ndi ati, Abiti? Uyu ndi Kapitawo!"

"Ndi omwewa alendowo! Chawagwira n'chiyani, aneba? Adya poizoni?"

A Alufeyo anagwada pambali pa mphakayo. Anakumbukira mawu a a Joanna, anakumbukiranso a Dinah tsiku lina atakhala pansi kukhitchini thukuta lili kamukamu.

"Uchi! Muli ndi uchi?"

A Rahima analowa m'nyumba chothamanga n'kutuluka ndi botolo la uchi wa kuphiri, losatsegula, limene ankasungira futali wa amuna awo. Analitsegula ndi nsonga ya mpeni. A Alufeyo anaviika chala, koma chala chawo chachikulu ngati mpini wa khasu sichinkalowa m'kamwa mwa mphaka.

"Chokani, inu gwirani mutu," anatero a Rahima.

Anaviika kachala kawo kakanise, kukweza mlomo wa Kapitawo, n'kupaka m'nkhama mofatsa ngati mmene amapakira mwana amene akumera mano. Anapakanso. A Alufeyo anamufungata pachifuwa akunong'ona, "Bwana, musanditero. Bwana, ofesi sinatseke." Kwa kanthawi panalibe chosintha, nkhuku zokha zikupalasa pabwalo. Kenako lilime linatuluka, linanyambita mphuno. Khutu long'ambika lija linagwedera. Maso anabwerera mwakale, ndipo chinthu choyamba chimene anayang'ana chinali kasosala kaja.

A Rahima anapuma mpweya waukulu, ndipo mosaganiza anakweza chala cha uchi chija kupita nacho kukamwa. Chinatsala pang'onong'ono. Anachiyang'ana, anakuwa, "Ine ndafunga!" n'kuchipukutira pa malaya a a Alufeyo. Onse awiri anaphulika kuseka, a Alufeyo misozi ili mbwee.

"Koma aneba, ndiuzeni, matenda anji ochira ndi uchi?"

A Alufeyo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ali ndi shuga. Ndimam'baya jakisoni m'mawa ndi madzulo."

"Shuga? Mphaka?" A Rahima anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye ine tsiku lililonse ndimawanyenyera ndasi m'tiyi wamkaka, wa shuga wake bwinobwino!"

"Tsiku lililonse?"

"Chiyambire chaka chija anamwalira a Dinah. Alendowa anabwera okha, kukhala apo, kundiyang'ana ndikumwa tiyi. Ndiye munthu ungatafune mlendo akukuyang'ana m'maso? Ndinawapatsa kasosala kawokawo."

"Osandiuza bwanji, Abiti?"

"Ndikanayamba bwanji? Mukanati ndikunena kuti simuwadyetsa. Komanso sadaka yopatsa wanjala salengeza, aneba. Nanga inu osandiuza bwanji?"

"Ndinkaopa kusekedwa."

"Kusekedwa ndiye musekedwa ndithu, ndiyamba ndine," anatero a Rahima akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Koma taonani, inu kubisa, ine kubisa, tikanapha munthu."

Anaimbira a Joanna pomwepo, foni ili pakati pa awiriwo. Atamva zonse, anafotokoza kuti mankhwala aja anawawonjezera kuti alimbane ndi mandasi amene iwo sankawadziwa, ndiye mandasi atasowa, mankhwala anachuluka. Anati am'patse chakudya chake tsopano, madzulo amenewo asam'baye, ndipo abwere naye kuti amuone n'kuchepetsa mlingo.

"Ndiye kuti, bambo, wamanyazi wanu uja wafunga nawo Ramazani osafuna," anatero, ndipo kuseka kwawo kunamveka mpaka pa msewu.

Kapitawo anachira, mlingo unatsika kuposa poyamba. Koma a Rahima sanasangalale kwenikweni. Madzulo ena anaitana pamwamba pa mpanda.

"Aneba, alendo aja akumabwerabe. Akumakhala pa kasosala paja. Ine kuwabweza chimanjamanja, mtima ukundiwawa. Kwathu sititero."

A Alufeyo anakanda m'mutu. Mawa lake, dzuwa litapendeka, anazungulira mpanda atanyamula matemba oviika m'kambale, jakisoni ali m'thumba la malaya, Kapitawo akutsogolera mchira uli m'mwamba.

"Chakudya ndi changa, khonde ndi lanu. Mlendo wanu azidyera pano madzulo, inu mukamafutulu."

Kuyambira tsiku limenelo zinakhala choncho. Kumzikiti kukamveka kuitana, a Rahima ankamwa madzi ndi kulawa uchi wotsala uja, Kapitawo n'kumadya matemba ake m'kasosala. Akamaliza, a Rahima ankamufukata ngati khanda, nkhope atatembenuzira kumbali chifukwa singano amaiopa, a Alufeyo n'kutsina kahema kaja.

"Mwabaya?"

"Kalekale."

"Bodza, sanalire!"

Makatani sanatsekedwenso. Anthu a pa mpopi anaseka sabata yathunthu monga anayembekezera, wina mpaka anawatcha adokotala a amphaka, koma palibe anakokera mwana wake kutali. Ena ankachita kuima pa mpanda kuti aone okha.

Ramazani itatha, tsiku la Idi, fungo la mandasi linadutsanso mpanda m'mamawa. A Alufeyo anapisa dzanja mumtsuko monga mwa masiku onse, anatsegula ofesi, bwana anadya, anabayidwa. Dzuwa litakwera pang'ono, Kapitawo analowa pa kabowo kake. A Alufeyo anavala malaya oyera, anapesa, n'kuzungulira mpanda. Anapeza a Rahima atavala zatsopano zobiriwira, tiyi ali pamphasa, ndipo m'kasosala muli kachidutswa ka dzira kamene a Alufeyo anapatula pa chakudya cha Kapitawo cha m'mawa n'kupereka kwa a Rahima dzulo lake. Kapitawo anakanunkhiza, anayang'ana beseni la mandasi, n'kuyang'ana a Rahima ndi maso a munthu wolakwiridwa.

"Musandiyang'ane choncho, alendo, adokotala anakana," anatero a Rahima. "Aneba, khalani pansi. Mwabwera kudzandilondera kuti ndisawapatse?"

"Ayi, Abiti, ndimakukhulupirirani." A Alufeyo anakhala pa mphepete mwa mphasa, anakhosomola pang'ono, akuphethira pafupipafupi. "Kungoti ndimaganiza. Ndasi lija munkanyenyera bwanayu tsiku lililonse, pano lilibe mwini. Ine shuga ndilibe. Bwanji muzindipatsa ineyo, ndi tiyi wake yemwe?"