Kalata ya bambo yochokera ku Halale

Achimwene, lero mdzukulu wanga amavutika kusiyanitsa "live" ndi "leave", ndiye ndakumbukira inu. Tili ku Mandimba, kutsidya kwa malire a Nyasalande, m'zaka za m'ma 1950, bambo anatumiza kalata kuchokera ku Halale yomwe kalaliki wa kuntchito kwawo anawalembera m'Chingerezi. Pakhomo wochidziwa munali inu nokha, poti munkaphunzira ku Nyasalande. Munauza amayi kuti, "Akuti anyamuka, akubwera." Amayi anasesa bwalo lonse.

Popita kumunda ndinakufunsani tsiku lofika bambo. Munayankha chapansipansi, "Mlongo wanga, liwu lija ndi 'live', lalifupi, osati 'leave' lokoka lija. Akuti akhala konko. Usawauze amayi." Kusukulu simunabwererenso. Munatenga khasu la bambo n'kutilera tonse. Amayi anamwalira akudikirabe, ine osaulula. Ndaulula lero, achimwene, patatha zaka khumi chitisiyireni. Mundikhululukire, ndipo muuse mumtendere.