Waya wa Kumphuno kwa Lole ya Amalume Aníbal

"Ndiye iwe, zaka zisanu ndi ziwiri ku Canada, chimene wabwera nacho n'chimenechi? Kuwerenga maso a waya?"

Amalume Aníbal Wasiluk ananena zimenezi ali chigonere pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Ine ndinali nditaima kutsogolo, foni m'manja, ndikufanizira ndi zithunzi.

"Amalume, si ine ndikunena. Lole yanu ndi Chevrolet. Waya wotchinga redieta wa Chevrolet maso ake ndi opendekera, ngati dayamondi wa pamakadi. Uyu maso ake ndi a folokona. Ndi wa Ford."

Anatuluka pang'onopang'ono. Anayang'ana wayayo nthawi yaitali, ngati munthu amene wauzidwa kuti mkazi wake ali ndi dzina lina.

Amalume ndi makaniko, zaka zawo makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi, ndipo sanagonepo kunja kwa chigawo chathu chino cha Misiones. Loleyo inapangidwira nkhondo yaikulu ya padziko lonse ija, koma kuno inadzamenyana ndi matope. Agogo aamuna ankatutira mitengo ya m'nkhalango mpaka atamwalira. Kenako nkhuku zinaikiramo mazira zaka makumi awiri. Amalume akhala akuikonza zaka zisanu ndi zinayi, bawuti ndi bawuti, kuti Loweruka likubwerali ikaime pamzere wakutsogolo pachionetsero cha magalimoto akale. Pamzerewo pamaima okhawo amene chitsulo chilichonse chili monga chinachokera kufakitale. Osakanizika amakaima kumbuyo, limodzi ndi mathalakitala.

Ine chibwerere ndinalibe ntchito, ndipo chilichonse kuno chinkandioneka chokhota. Ndiye ndinkawongola. Masana omwewo tinachotsa wayayo. Mabawuti ake anali atagwirana ndi dzimbiri, ndinawadula ndi sowo, ndikuimba likhweru.

M'mawa mwake tinapita kwa Doña Zulma Lindqvist, mayi wamasiye wogulitsa zitsulo zakale kuseri kwa njanji yakufa. Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu n'kupitirira, ndipo iye amatchula aliyense m'tauni muno kuti iwe.

"Aníbal, wakalamba. Uyu ndiye Mkanada uja? Bwanji wawonda, kumeneko sadya?"

"Amadya mabuku, mayi. Tikufuna waya wa Chevrolet, wa maso opendekera."

Anatitengera kushedi, nasuntha matayala awiri ndi phazi. Analipo, wathunthu, wosapindika. Amalume anamugwira m'mbali ndi manja awiri.

"Wakale uja wamutaya?" anafunsa Doña Zulma.

"Ali kunyumba. Mwana uyu akuti ndi wa Ford."

"Akuti? Ndi wa Ford, inde. Ndinamugulitsa ndine. Kodi lole iti kuno ili ya magazi amodzi? Chogwirira cha chitseko chake chakumanzere chinachoka pafiriji, wayang'ana zimenezo, Mkanada?"

Sindinayang'ane. Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Bambo ako, Aníbal, ankathamangira kuchipatala ndi mayi ako, matenda atayamba," anapitiriza. "Pamlatho paja anagunda ng'ombe ya Mjeremani wina. Mphuno ya lole yonse kuphwanyika. Ng'ombe inafa, iwe unabadwa. Mpaka lero alipo amene amati Mjeremani ndiye analuza kwambiri."

Amalume sanaseke. Ngakhale Doña Zulma sanaseke.

"Mawa lake bambo ako anabwera pano wapansi. Ndinamuonetsa uyu wagwirayu. Anakana. Akuti wa Chevrolet waonetsa kale kuti ng'ombe saitha, ayeseko wa Ford. Anadula, anaboola mabowo ena, anamanga yekha. Mabowo okhota aja sunawaone?"

"Ndinawaona," anatero Amalume. "Ndinkayesa ndi asilikali."

Galu wa pashedi anabwera, anatinunkhiza, anabwerera.

Ine ndinayesa kukonza zinthu, monga mwa chizolowezi changa. "Amalume, mutha kuika uyu Loweruka, n'kubwezera winayo Lolemba. Kunja anthu amachita choncho."

"Kunja," anatero, osandiyang'ana.

Anabweza waya wa Chevrolet uja pomwe anali, nasunthira matayala pamwamba pake, mmodzi, kenako wina.

"Kumbuyo kuja kuli mthunzi," anatero. "Komanso a mathalakitala ndi amene amabwera ndi nyama yowotcha. Mayi, mabawuti anayi, aatali pang'ono. Akale aja anadulidwa ndi katswiri wochokera ku Canada."

Doña Zulma anavundula m'chitini cha mabisiketi, nasankha anayi, osafanana mitu. Ndinatsegula pakamwa. Amalume anandiyang'ana. Ndinatseka.

Analipira, nakulunga mabawutiwo m'pepala la nyuzi, n'kundipatsa ine. Ndinawaika m'thumba momwe munali foni, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba ankaigogoda.