Chithunzi chomwe munandilumbiritsa

Achimwene, lero ndili m'basi kuchokera kuntchito, thupi lonse lili wefuwefu, foni yandibweretsera chithunzi chanu. Zaka ziwiri tsopano chichokereni inu.

Mukuikumbukira kosi ija ya ku koleji ku Leeds, yosakakamiza, yoona momwe amuna ndi akazi amaonetsedwera pa TV ndi m'nyuzipepala? Munati ndikudzisenzetsa katundu dala. Aphunzitsi atati tipeze chithunzi cha mwamuna akusamalira okalamba, ndinasaka sabata yathunthu, ndinkangopeza akazi okhaokha. Ndiye ndinabwera kwanu ku Wakefield, n'kukupezani mwangoweruka kunyumba yosamalira okalamba, mudakali mu yunifomu, manja atatuwa ndi sopo. "Iwe, usandijambule," munatero. "Amayi amadziwa kuti ndimagwira mu ofesi. Akamva zoti ndimasambitsa nkhalamba, kutchalitchi akayenda bwanji?" Ndinachonderera mpaka munalola chimodzi, koma munandilumbiritsa kuti chithere kwa aphunzitsi.

Pamaliro anu tinaika cha suti chija, chomwe munajambulitsa pakhomo pa ofesi ya eni ake. Sindinatsutse, mphamvu ndinalibe. Koma amayi sasiya kufunsa za azungu aja anatumiza khadi, othokoza kuti munkawapesa tsitsi bambo awo mpaka tsiku lomaliza. Ndatopa kuyankha mozungulira, achimwene. Mundikhululukire, lumbiro lija ndaliphwanya theka: pa intaneti pano sindichiika, koma amayi ndawatumizira. Za yunifomu sanafunse n'komwe. Angoti, "Koma ankadya mwana wangayu?"