Nsalu yofiira pageti la a Mbewe

Lachiwiri m'mawa ndinaima pageti la a Mbewe ku Kuwadzana ngati munthu wosochera. Foni inali itandiuza kuti bambo Laisoni Mbewe amwalira dzulo lake madzulo, koma pageti panalibe nsalu yofiira. Inu a kuno mukudziwa kuti nyumba ya maliro sitifunsa. Umangoona kansalu kofiira pageti kapena pamtengo wa magetsi wa pakona, mwendo n'kukhota wokha. Apa panali zii, moti ndinayamba kuganiza kuti wina wandinamiza.

Ndinalowa. M'nyumba munali akazi awo, a Naphiri, atakhala pansi pamodzi ndi ana awo aakazi atatu. Basi, anthu anayi okha. Ine ndine Phiri, ndiye ngakhale makolo athu anachokera midzi yosiyana ku Malawi, kuno kuchilendo a Naphiri ndi achemwali anga, ndipo malemuwo anali alamu anga.

"Achemwali, nsalu ili kuti?" ndinafunsa nditapepesa.

"Ili m'kabati, achimwene. Bambo a ana anandiuza kale kuti ndikadzafa usadzavutike nayo. Ndikaimanga abwera ndani? Ndipo akabwera, si abwera kudzatukwana mtembo?"

Mmodzi mwa otukwanawo ndinali ine.

Kwa amene simunawadziwe, a Mbewe anabadwira papulazi, bambo awo ali kapitawo wa fodya. Anayamba ntchito pafakitale ina ku Willowvale, ndipo kumeneko ndi kumene anatchuka ndi liwiro. Ankathamanga mipikisano ya mtunda wautali, mamendulo ali lendelende pakhoma mpaka lero. Kenako analowa ntchito yogulitsa inshuwalansi, ndipo ntchitoyo inawayanja, poti anali munthu woti akagogoda pakhomo sungamuuze kuti bambo kulibe. Ankalowa m'nyumba za ife a ku Malawi ndi a ku Chipata, n'kutifotokozera m'chinenero chathu zinthu zimene kuofesi ankatiuza m'Chingerezi cha m'mphuno. Ankati: "Alamu, ife kuno tilibe munda, tilibe ng'ombe. Tsiku lakugwa, ana adzatsamira chiyani?" Tinasaina pafupifupi msewu wonse.

Zimene zinatsatira simukufuna kuti ndikuuzeni, poti mukuziona nokha m'masitolo opanda kanthu. Ndalama inasanduka mapepala, ndipo mapepala athu a inshuwalansi anasanduka oyatsira moto. Zimene ndinasunga kuyambira ndili ndi tsitsi lonse sizinakwane n'kulipirira kombi, minibasi ya kuno, pobwerera kunyumba. Ndinapsa mtima, ndipo sindinapite kuofesi ya m'tauni kumene mlonda sakulola n'kuponda pakhomo. Ndinapita kwa alamu anga, ndipo ndinawalavulira zonse pamaso pa ana awo. Mawu akuti wakuba ndinawatchula katatu. Kuyambira pamenepo chaka chinatha ndikuwoloka msewu ndikawaona.

Munthu wanzeru akanathawa. Anzawo a ntchito ambiri anatsikira ku Joni, ena anasamuka osatsazika. A Mbewe anakana. Akazi awo ali ndi matenda a shuga, ndipo iwo ankati sangasiye munthu amene amaiwala kumwa mankhwala akapanda kukumbutsidwa. Anali bambo woti Loweruka umampeza akuluka mwana tsitsi, osachita manyazi ngakhale amuna anzake akudutsa n'kumaseka. Ngakhale imfa inawapeza pakhonde, akusita diresi la mwana wawo wotsiriza ndi simbi ya makala.

Koma chimene chinkandikwiyitsa kwambiri n'chakuti sanasiye kuyenda m'makomo. Ntchito inali itatha, choti agulitse panalibe, koma tsiku limene ankabwera kwanu kale kudzatolera ndalama za inshuwalansi, ankabwerabe. Ankagogoda, n'kuima, chipewa chili m'manja. Ukafuna kutukwana, ankamvetsera mpaka utope. Mayi Tembo a kuseri kwa sukulu anawathira madzi otsukira mbale, iwo n'kungopukuta kumaso, mwezi wotsatira n'kubweranso. Ine ndinkati n'kuuma mutu chabe.

Ndiyeno panali nkhani ya kuthamanga. Munthu wa imvi, dziko lili pamoto, anthu akugona ndi njala, iye m'mamawa ali m'kabudula, thukuta lili kamukamu. Tinkawanena kuti mutu wayamba kuzungulira. Tinazindikira mochedwa kuti sankangothamanga. Ankazungulira masitolo ndi zigayo mpaka kutsidya kwa msewu wa ku Bulawayo, kuona kumene kwaima lole. Akaona matumba akutsitsidwa, ankabwerera ndi liwiro lomwe lija, n'kumamenya mageti limodzilimodzi: "Ufa wafika kumtunda! Nyamukani msanga, mzere usanatalike!" Ankayamba ndi nyumba za anthu amene anawasainitsa. Geti langa linamenyedwa kangapo. Ndinkathamangira ufawo, koma zikomo sindinanenepo, ndipo ndikulemba izi manyazi akundigwira.

Tsono Lachiwiri lija ndinawauza a Naphiri kuti anditulutsire nsaluyo. Anakana kawiri. Kachitatu mwana wawo wamkulu anadzuka yekha, n'kukatenga. Ndinaimanga pageti ndi manja anga, koma musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Ndinkadziwa kuti ngati msewu ukana, manyaziwo agwera mayi wamasiye ndi ana, ndipo wowabweretsa ndikhala ine. Kwathu munthu akhoza kukumana mchere, akhoza kukumana moni, koma akakukana pamaliro ndiye kuti wakuchotsa pagulu la anthu. Ana aja akanakula akudziwa kuti bambo awo anaikidwa ngati galu. Komanso bokosi panalibe, galimoto panalibe, poti a Mbewe nawonso anali ndi mapepala omwe aja, ofanana ndi athu.

Ndinakhala pampando panja, maso ali kumsewu. Anadutsa mayi wina ndi ndowa, anayang'ana nsalu, n'kupitirira. Anadutsa bambo wina pa njinga, anayang'ana kumbali. Dzuwa linakwera. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti ine ndi anyamata a kutchalitchi tingakwane bwanji kunyamula munthu wamtali ngati uja.

Woyamba kulowa anali mayi Tembo, omwe aja a madzi otsukira mbale, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Anautula pansi mwamphamvu, n'kundiyang'ana ngati ndine ndawalakwira.

"Inu a Phiri, mwakhala pamenepo ngati mlendo? Moto uli kuti? Ndamva ndili pamzere wa shuga, ndasiya malo anga. Ndinali wachisanu, wachisanu ndithu!"

Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akuyamba kulira mokweza, kulira kwenikweni koitana anthu. Abale anga, sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Mtima wanga unatsika n'kukhala m'malo ngati ndatula thumba la simenti.

Pofika masana pabwalo panalibe popondapo. Mzere wa shuga uja unasamukira kwa a Mbewe pafupifupi wonse, ndipo amene mwaimapo pamzere masiku ano mukudziwa kuti kuusiya n'chinthu chotani. Wina anabwera ndi masamba a m'dimba, wina ndi kapu ya mafuta, wina ndi zitseko za wadilopu zoti kalipentala akhomere bokosi. Bambo wina wa lole, amene chaka chatha analumbira kuti adzawathyola a Mbewe miyendo yothamangirayo, anabwera ndi dizilo amene anamudikira masiku atatu. Sanalankhule zambiri. Anangofunsa kuti kumochale tinyamuka nthawi yanji.

Lachitatu, tisananyamuke kupita kumanda, a Gumbo anachita zawo. Iwo ndi Mshona, mnansi wa a Mbewe ndiponso sahwira wawo, bwenzi limene pamaliro limaloledwa kuseka malemu monga amachitira adzukulu kwathu. Anatuluka m'nyumba atavala jekete la a Mbewe, tayi, ndi kabudula wothamangira, chikwama chili kukhwapa. Anathamanga kuzungulira bwalo, maondo ali m'mwamba, n'kukaima pamaso pa mayi Tembo, chipewa m'manja.

"Mai Tembo, ndabweranso! Madzi aja alipo? Lero sindinasambe!"

Anthu anagwa ndi phwete. Mayi Tembo anaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo a Naphiri, amene sanadye kanthu chiyambire Lolemba, anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Pamenepo ndinadziwa kuti palibe amene adzatukwane.

Ndakhala ndikuganiza sabata yonseyi kuti chinatilowa n'chiyani. Amene anasungunula ndalama zathu sitikuwadziwa nkhope. Sakwera kombi, saima pamzere, ndipo geti lawo sitingalifike. Ndiye mkwiyo wathu timautula pa amene ali pafupi: wogulitsa pasitolo amene wanena kuti buledi watha, kondakitala amene wakweza mtengo masana, namwino amene alibe mankhwala oti atipatse. Timaluma amene wabwera kudzatiyang'ana m'maso, poti ndi yekhayo amene mano athu angamufike. Kodi a Mbewe akanathawira ku Joni ngati anzawo, si tikanawaiwala kalekale? Tinawalanga chifukwa anatsala.

Sindikunena kuti mkwiyowo unali wabodza. Anthu anataya thukuta la moyo wonse, ndipo amene anawagwira dzanja posaina anali a Mbewe. Iwonso ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake sanadziikire kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. Koma ndapuma bwino sabata ino poona kuti njala yatilanda zambiri koma sinatilande maliro. Ndinkaopa kuti nawonso apita.

Tinawaika kumanda a kufupi ndi Hopley, lole itadzaza mpaka ena kulendewera kumbuyo. Mafosholo anali atatu okha, ndipo amuna ankalandana, aliyense kufuna kuthirako dothi. Pobwerera, titasamba m'manja pageti, a Naphiri anandiitana pambali. Nkhope yawo inali yotopa koma yomasuka.

"Achimwene, mwandichotsa manyazi. Ana anga aona kuti bambo awo anali munthu."

Ndinayamba kunena zija timanena, zoti ndi udindo wathu, koma anandigwira mkono.

"Chimodzi chokha. Iwo aja anapita akudziwa kuti pano sipadzafika munthu. Anthu onsewa, mmodzi yekha akanabwera mwezi watha kudzangokhala nawo pakhonde, bwenzi atafa akudziwa zina."

Sanakweze mawu, ndipo sanatchule dzina langa. Kuchokera kwanga kufika kwa a Mbewe ndi nyumba zisanu ndi imodzi.