Wa M'munda Wathu

Ndinaganiza zopita ku Joni fodya atakanika zaka ziwiri zotsatizana. Imvi zinali zitayamba kale, ndipo kuwerenga ndinali nditangophunzira kumene kusukulu ya kwacha. Ndinauza mkazi wanga kuti ndikakhala chaka chimodzi. Ndinakhala zisanu ndi zinayi.

Ntchito ndinaipeza ku Lynnwood, yotchetcha kapinga kwa bwana wina wa makompyuta. Ndinkagona ndekha kuseri kwa galaja. M'galajamo munali kabolodi ka m'kati mwa kompyuta kokhala ndi purosesa, ubongo wa makina, ya mtundu watsopano imene mapulani ake aliyense ankawatenga mwaulere. Bwanayo ankasamutsira pamenepo pulogalamu yodzutsa makina akangoyatsidwa, yomwe inalembedwera purosesa ina. Kabolodiko tsiku lina kankadzuka, tsiku lina kankafera panjira.

Bwanayo ataona kuti ndimalemba, anandipatsa kope. "Madala, uziyatsa, uzizimitsa, uzilemba pamene kaimira." Ndinkatero m'mawa uliwonse ndisanagwire fosholo, miyezi yambiri, malipiro omwe aja. Mwa chizolowezi cha mlimi, ndinkalembanso nyengo: lero kwazizira, lero kwatentha. Ndine amene ndinaona kuti kankafa pokhapokha kakagona kozimitsidwa m'chisanu cha Juni. Ndinamuonetsa bwanayo kopelo. Anatukwana m'chinenero chake, kenako anawonjezera mizere itatu yoti pulogalamuyo izidikira pang'ono isanayambe ntchito. Sikanafenso.

Anzake a kumaiko ena anamuyamikira kwambiri. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha: dzina langa likhale pamndandanda wa ogwira ntchitoyo, ndikaonetse kwathu kuti sindinangomwetera anthu udzu. Anaseka. "Eish, Madala, ndani angafunse za iwe?" Pepala la mndandandawo limene anandisindikizira linangoti zikomo kwa wa m'munda wathu. Wa m'munda! Zaka zonsezo munthu akudya ndiwo zolima ine, dzina langa linamulemera kulemba. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawira.

Nditabwerera ku Kasungu ndinapatsa pepalalo mwana wanga woyamba, Esinati, amene ndinamupeza ali mayi wa ana atatu. Ndinkafotokoza mokweza mmene bwana uja anandibera. Iye analigwira mozondotsa, kenako anandibwezera.

"Mundiwerengere, Abambo. Paja munanditulutsa Sitandade 3 kuti ndizilima munda wanu inu muli ku Joni."

Sananene mokwiya. Ine ndinakhala pansi. Makalata onse amene ndinkatumiza kunyumba ndinkangomaliza ndi moni kwa ana. Dzina lake sindinalilembepo ngakhale kamodzi.