Achemwali Anameta Okha ku Al Messila

Amene anatipweteka ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Ndiwo anabweretsa achemwali anga ku Doha kuno atawanamiza kuti ntchito ndi ya mu hotela, n'kukawasiya m'nyumba ya mpanda ku Al Messila ngati mbuzi yapachingwe. Pasipoti ndi foni madamu a nyumbayo analanda tsiku lomwelo. Geti limakhala lokiya.

Ine ndinabwera pambuyo, kudzalonda pa shopu ina ku Al Sadd. Sukulu sindinapite nayo patali, zamalamulo sindizidziwa, changa n'kukalipa. Lachisanu ndikakhala pa ofu ndinkakwera basi kukaima pa mabini kuseri kwa mpandawo, chifukwa achemwali ankaponda msewu pokhapokha akamataya zinyalala. Manja anali atasupuka ndi mankhwala otsukira. Koma ankandisekabe: "Iwe mlonda wanji wowonda chonchi? Wakuba angakunyamule ndi mpando womwe." Ankadya zotsala m'mbale za ana, choimirira. Mtsikana wa ku Kenya wa nyumba yoyandikana ankawasiyira buledi pamwamba pa bini, iwo n'kumusiyira sopo.

Amayi atamwalira kumudzi, azakhali anandiletsa: "Usawauze achemwali ako, angasokonezeke mutu kontrakiti isanathe." Ndinawauza basi, pa bini pomwepo. Sanalire. Anayang'ana kamera ya pageti, n'kupitiriza kutsuka binilo, madzi akuwayenderera kumapazi. M'kati wina anakuwa m'Chiarabu kuti afulumire, "Yalla!" Analowa.

Lachisanu lotsatira achemwali anakweza mpango wakumutu pang'ono kuti ndione. Anali atameta mpala, mutu uli mabala okhaokha. Anameta okha m'bafa ndi lezala limene bwana anataya, monga timachitira kwathu maliro akatha. Madamu ataona anati ndi nsabwe, n'kuwachotsa m'chipinda kuti azigona pochapira zovala.

"Kumudzi ameta onse," anatero achemwali. "Nditsale ndekha ngati sanandibereke?"

Kuyambira pamenepo zinyalala amataya ndi dalaivala. Achemwali sindinawaonenso.

Ndinapita ku Al Muntazah kumene azakhali amakhala. Ndinawapeza atakhala pampando, mayi wina akuwaluka tsitsi. Ndinawapempha kuti akawatulutse achemwali.

"Khalas, basi zatha, mwanawe," anatero osatembenuza mutu, kuopa kusokoneza woluka. "Madamu awonjezera kontrakiti. Apirire, akazi tonse tinadutsa momwemo."

Manja anga ndinawabisa m'thumba kuti ndisaswe kanthu. Ndinati, "Lukitsani bwino, azakhali. Tsiku limene mudzafe inu, kwathu palibe amene adzamete."