Amalume amana mwini chigayo kagalu

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinali ku Luwani kwa amalume a Yohane, aja anayamba kutola agalu amene othawa nkhondo anawasiya pobwerera kwawo, matipate atangoyamba. Mpaka pano amatolabe osowa mwini n'kumagawira anthu.

Kwabwera mwini chigayo wina, wasankha kagalu, kenako watulutsa lezala, eti akadule makutu kuti kadzakhale kolusa.

Amalume angokalanda n'kukabisa m'jekete mwawo. "Bambo, mukufuna mlonda kapena mdani? Makutu omwewo ndi amene adzamve wakuba." Munthu wapita chimanjamanja, kagalu kali phee pachifuwa pawo.

Ine ndagoma nawo. Koma mawondo akuwavuta, ndipo agalu achuluka. Kodi tsiku limene adzalephere kudzuka, ndani mwa ife adzawaphikire madeya agaluwa? Yankhani, musangowerenga.